Mlonda Wogona Kuchipinda

Kwathu ku Dedza mlendo amafikira pakhonde, akalemekezedwa kwambiri amalowa pabalaza. Kuchipinda ndi kwa eni nyumba. Ngakhale mwana akasinkhuka salowako chisawawa. Mwambo umenewu umandibwerera kawirikawiri kuno ku Durban, kumene ndimakonza makompyuta m'dera la Point, ndipo ambiri ondibweretsera ntchito ndi achinyamata okonda masewera a pa intaneti.

Kompyuta nayo ili ndi chipinda chake, chimene akatswiri amachitcha kernel. Ameneyu ndiye phata lolamulira zonse zochitika m'makinawo, ndipo wolowamo angathe kuona chilichonse. Mapulogalamu wamba amathera pabalaza. Koma mu 2020 kampani ya Riot Games itatulutsa masewera a Valorant, inabweretsanso Vanguard, pulogalamu yogwira ochita chinyengo, imene inkadzuka limodzi ndi kompyuta n'kukhala mu kernel, mwini wake kaya akusewera kaya ayi. Pa Windows 11 inafunanso TPM 2.0, kachipangizo kosunga makiyi achinsinsi a kompyuta iliyonse payokha.

Mlondayu sanabwere popanda chifukwa. Achinyengo ena amagula zipangizo zolumikiza kompyuta yachiwiri kuti izisuzumira mkati mwa yoyamba, motero amaona adani awo kuseri kwa khoma. Wosewera mwachilungamo, amene wagula bandulo ndi ndalama ya thukuta, amagonja kwa munthu wopanda luso. Mkwiyo wake ndimaumvetsa.

Komabe makiyi a kuchipinda akachuluka, tulo timachepa. Mu 2013 zinaululika kuti pulogalamu ya ESEA, yolimbana ndi chinyengo chomwechi, inkagwiritsa ntchito makompyuta a osewera kukumba bitcoin eni ake osadziwa. Mu 2022 akatswiri a Trend Micro anapeza zigawenga zikugwiritsa ntchito mlonda wa masewera a Genshin Impact kuzimitsa chitetezo cha makompyuta a anthu. Khomo lotsegulira mlonda, mbala nayo imalidziwa.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya mnyamata wina wa ku Mangochi, wotsuka magalimoto. Anasunga ndalama miyezi yambiri n'kugula kompyuta yakale kwa munthu amene sankamudziwa. Masewera ena ake anamukana tsiku loyamba lomwe, chifukwa manambala a zipangizo za m'makinawo anali ataletsedwa kale pa mlandu wa mwini wake woyamba. "Ankolo, nanga ine ndalakwa chiyani?" anandifunsa. Analembera eni masewerawo, koma yankho linali la makina, lofanana ndi la wina aliyense. Chilango chotere chimatsata chitsulo osati munthu, ndipo ogula zakale, ndiye kuti osauka, ndiwo amalowa chokolo cha milandu ya ena.

Mzinda uno umadziwa bwino za nambala yolankhula m'malo mwa munthu. Nyumba yosungiramo mbiri ya KwaMuhle kale inali ofesi imene amuna akuda ankaimako pamzere, kupimidwa thupi ndi kudindiridwa chiphaso asanaloledwe kugwira ntchito mu Durban. Sindikuyerekeza masewera ndi tsankho. Kutero kungakhale kunyoza amene anazunzika. Ndikungoti pamalo otere munthu amaphunzira kufunsa msanga: kaundula akumusunga ndani, walembamo chiyani, ndipo wolakwiridwa akadandaule kuti?

Lamulo la South Africa loteteza zinsinsi za anthu, POPIA, linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, ndipo Malawi anakhazikitsa lake mu 2024. POPIA imapatsa munthu ufulu wofunsa zimene kampani ikusunga zokhudza iye. Koma wotsuka magalimoto sangalimbane ndi kampani ya kutsidya kwa nyanja, ndipo akakana mlonda, masewera amutsekera khomo.

Akuluakulu anati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Ine sindikana mlonda. Ndikupempha zitatu zokha: azigona pamene masewera atha, anthu oima paokha azifufuza zimene amatola, ndipo woletsedwa azimvedwa ndi munthu mnzake. Nyumbayo ndi ya amene anaigula.