Munthu Amene Adagona Zaka 20

Pakati pa nthano zimene zidalembedwa kutsidya kwa nyanja pali ina imene ikadatha kuchitika kuno ku Mchinji popanda kusinthamo zambiri. Mutu wake ndi Rip Van Winkle, ndipo adailemba ndi Washington Irving wa ku America. Ife makolo, tikaona ana athu akubwera ndi mabuku a Chingerezi kuchokera ku sukulu, kaya ku sekondale ya atsikana ya Ludzi kaya kwina, timadzifunsa kuti kodi nkhani zopeka za anthu akutali zingaŵapindulire chiyani. Funsoli ndi loyenera. Tiyeni tiyese kuliyankha poona nthano imodziyi pamodzi ndi mwini wake.

Irving adabadwira mu mzinda wa New York m'chaka cha 1783, chaka chimene nkhondo yomenyera ufulu wa dziko lake idatha, ndipo makolo ake adamutcha dzina la mtsogoleri wa nkhondoyo, George Washington. Mu 1815 adapita ku England kumene banja lao linali ndi malonda, koma pofika 1818 malondawo adagwa. Atasoŵa pogwira, adatembenukira ku cholembera. Nthano ya Rip adailemba ali mlendo kunyumba kwa mlongo wake ku Birmingham, mtima uli kwao, ndipo idatuluka mu 1819 m'buku lotchedwa The Sketch Book. M'buku lomwelo muli nthano ina yotchuka, The Legend of Sleepy Hollow, ya mphunzitsi wa kumudzi amene adathamangitsidwa usiku ndi wokwera kavalo wopanda mutu. Irving adamwalira mu 1859, chaka chimene David Livingstone adafika ku nyanja yathu.

Nthano ya Rip imayenda motere. M'mudzi wina wa m'tsinde mwa mapiri a Catskill, pafupi ndi mtsinje wa Hudson, munali bambo wokoma mtima, wokondedwa ndi ana ndi agalu omwe. Ntchito ya mnzake ankaigwira mokondwa, koma munda wake unali thengo lokhalokha, ana ake ali m'nsanza. Tsiku lina, pothaŵa kulongolola kwa mkazi wake, adatenga mfuti ndi galu nakwera phiri. Kumeneko adakumana ndi anthu achilendo ovala zakalekale, adamwa nao moŵa wao, nagona tulo. Podzuka adapeza mfuti yachita dzimbiri, galu kulibe, ndevu zafika pachifuwa. Adayesa kuti wagona usiku umodzi, chikhalirecho zinali zaka 20.

Atatsikira kumudzi, palibe amene adamzindikira. Pa nyumba ya alendo pamene kale padapachikidwa chithunzi cha Mfumu George ya ku England, tsopano panali dzina la Washington. Anthu ankakangana za chisankho, ndipo atamfunsa mbali yake, iye adayankha mosadziŵa kanthu kuti ndi munthu wokhulupirika wa mfumu. Khamu lidafuna kumgwira ngati kazitape. Mkazi wake anali atamwalira, anzake ambiri ali kumanda. Adampulumutsa ndi mai wina wokalamba amene adamkumbukira, ndipo mwana wake wamkazi, amene tsopano anali pa banja ndi khanda m'manja, adamtengera kunyumba kwake.

Ife a m'malire sitingaŵerenge nkhaniyi osakumbukira matchona. Tiyerekeze bambo amene adachoka m'midzi yozungulira Ludzi mu 1960 kupita ku migodi ya ku Joni kapena ku mafamu a ku Rhodesia, nabwerera mu 1980. Adasiya Nyasaland, akupeza Malaŵi. Boma limene ankalitcha Fort Manning ndi Mchinji, ndipo kutsidya kwa malire Fort Jameson ndi Chipata. Mapaundi ndi masheleni adatha mu 1971, anthu akuŵerenga kwacha ndi tambala. Likulu lidachoka ku Zomba mu 1975. M'masitolo ndi m'maofesi mwapachikidwa chithunzi cha Dr. Kamuzu Banda, ndipo mau amodzi olankhulidwa mosasamala angathe kumuika munthu m'mavuto. Mwana amene adamsiya kumsana kwa amake akumpatsa moni ngati mlendo. Bamboyu sadagone, adakhetsa thukuta pansi pa nthaka. Koma kwa a kumudzi amene sadalandire kalata kapena kobiri, kusoŵa kwake sikudasiyane ndi tulo ta Rip.

Apa ndipo pali phindu loyamba la kuphunzira nthano yolembedwa: imatiphunzitsa kuona zimene wolembayo sadaonetse poyera. Irving adalemba moseka, ndipo woŵerenga wothamanga amakondwera ndi Rip nanyansidwa ndi mkazi wake. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikabwereza kuŵerenga timafunsa: nanga amene adalima munda uja zaka zonsezo ndani? Adalera ana ndani? Mai uja sadapatsidwe mpata woti afotokoze mbali yake, ngakhale dzina lake lenileni sitilimva. Ife amene tidaona amai akulipira msonkho, kufolera nyumba ndi kuika maliro amuna ali kutali, tingathe kumumvera chisoni kuposa mmene mwini nkhani adachitira. Tionenso kuti mwana wamwamuna wa Rip adakula ali mlesi ngati bambo wake, atatsamira mtengo. Mwana amene waphunzira kufunsa mafunso otereŵa pa buku adzaŵafunsanso pa nkhani za m'banja, za m'mudzi ndi za m'dziko. Ndipo nkhaniyi sidakalambe, poti achinyamata athu akupitabe ku Johannesburg, ndipo ngakhale foni ili m'thumba, ena amakhala chete zaka zambiri.

Phindu lachiŵiri lili pa kumene Irving adaitenga nthanoyi. Sadaipeke yonse m'mutu mwake ai. Ku Germany kunali nthano yakale ya mbusa wa mbuzi, Peter Klaus, amene adagona m'phiri zaka 20. Irving adaitenga, naibzala m'nthaka ya kwao, naiveka maina a mapiri, mitsinje ndi anthu amene aŵerengi ake ankaŵadziŵa. Nthaŵi imeneyo anthu ophunzira a ku England ankanyoza kuti m'dziko latsopanolo simungatuluke buku loyenera kuliŵerenga. Mu 1820 wolemba wina, Sydney Smith, adafunsa poyera ngati alipo amene amaŵerenga buku la ku America. Buku la Irving lidagulidwa ku London komweko, ndipo Walter Scott ndi Charles Dickens adamlemekeza. Kwao adatsegulira njira achinyamata monga Nathaniel Hawthorne, Edgar Allan Poe ndi Henry Longfellow, amene adaona kuti mudzi wao ndi wokwanira kulembedwa m'buku.

Ifenso tili naye wathu wotsegula njira. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma amene adabadwa mu 1905, adalemba Nthondo, mbiri yopeka ya Mcheŵa kuyambira kubadwa mpaka kumwalira. Bukulo lidapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Afrika, lidasindikizidwa mu 1933, ndipo mu 1934 T. Cullen Young adalitulutsa m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa. Monga Irving, Nthara sadapite kutali kukafuna nkhani. Adalemba za pabwalo, za milandu, za maliro ndi za ufumu, ndipo pambuyo pake adasonkhanitsa zokamba za akuluakulu m'buku la Mbiri ya Acheŵa. M'mapazi mwake mudayenda E. W. Chafulumira, John Gwengwe amene adalemba Sikusinja ndi Gwenembe, Willie Zingani ndi ena. Steve Chimombo, polemba m'Chingerezi, adatenga Napolo wa m'mapiri a ku Zomba namuloŵetsa m'ndakatulo zimene zaŵerengedwa m'maiko ambiri.

Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mwana wathu akaŵerenga Irving bwinobwino, kalumo kamene atengeko ndi kakuti nkhani za kwao n'zoyenera pepala ndi inki. Dera lathu lino ladzala ndi nkhani zosalembedwa: za Angoni a Mpezeni ndi nkhondo ya 1898, za ulendo wapansi wopita ku Halale, za mabanja amene malire adaŵadula pakati, za ndege ya Wenela imene idagwa ku Francistown mu 1974 nipha amuna a ku Malaŵi oposa 70. Amene adaziona kapena kuzimva kwa eni ake akuchepa chaka ndi chaka.

Choncho ntchito ili m'manja mwathu, ife makolo. Mwana akabwera ndi buku lachilendo, timpemphe atifotokozere nkhaniyo m'Chicheŵa, kenaka ife timuuze yathu yofanana nayo. Pa tchuthi timtume kwa agogo ndi kope ndi pensulo, akafunse maina, malo ndi zaka, akalembe monga mmene agogowo akulankhulira. Irving adamaliza nthano yake Rip ali nkhalamba pakhomo pa nyumba ya alendo, akusimbira aliyense wodutsa, mpaka mudzi wonse udailoŵeza nkhani yake. Nkhalamba zathu nazo zili pakhonde, zikudikira wofunsa. Tikazengereza zaka zina 20, tidzadzuka ngati Rip, tikufunsa za anthu amene adapita kale.