Kwa Likoswe Mwanapiye Sathamangira Pabwalo

Palibe woweta nkhuku kunyanja kuno amene sadamvepo za nkhuku za Mikolongwe, zija zakuda bii, zathupi ndi zoikira mazira ambiri. Koma si onse akudziwa kuti Mikolongwe ndi dzina la malo m'boma la Chiradzulu. Mtundu wa nkhukuzi ndi Black Australorp, ndipo kwawo ndi ku Australia. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, boma linkaziswetsa pa famu ya Mikolongwe n'kumazigulitsa kumidzi kuti zisakanikirane ndi zachikuda. Anapiyewo sankawapereka atangoswa kumene, ayi. Ankayamba awasunga masabata 6. Chifukwa chake tidakachimvetsa titayenda ulendo wa kwa Likoswe, m'boma lomwelo.

Tidanyamuka ku Mangochi m'mwezi wa Julayi, kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba mpaka ku Limbe. Pamenepo tidalowa msewu wa Midima wopita ku Mulanje, n'kukatsikira pa mphambano ya ku Nguludi. Dera la Mfumu Likoswe ndi lokwera, la timapiri, ndipo minda yake ndi ing'onoing'ono poti anthu ndi ambiri. Kotero banja losowa busa la ng'ombe limadalira khola la nkhuku: sopo, mchere, makope a ana, zonse zimachokera m'menemo.

Chidatilandira ndi chiperoni, kamvula kowaza kodza ndi nkhungu ndi chisanu cholowa m'mafupa. Mayi wa pakhomo pomwe tidafikira adatilowetsa m'kachipinda momwe munali anapiye a sabata imodzi. Pansi adayalapo utuchi wouma, m'mbali adatchinga ndi makatoni, pakati n'kuika mbaula ya makala oyaka kale, opanda utsi, ndipo kazenera kadali kotsekula pang'ono kuti mpweya uzilowa. Mwanapiye amaswa patatha masiku 21, koma amabadwa ndi ubweya chabe, wosatha kusunga kutentha m'thupi. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, ndipo kumachepetsedwa ndi madigiri pafupifupi 3 sabata iliyonse.

Mayiwo alibe choyezera kutentha. Adatiuza kuti anapiye amanena okha. Akaunjikana pambaula uku akulira, ndiye kuti azizidwa. Akathawira m'mbali n'kuyasama kukamwa, moto wachuluka. Akabalalika bwino n'kumajompha chakudya, zonse zili m'malo. M'mbale ya madzi adaikamo timiyala kuti anapiye asamire kapena kunyowa, pakuti mwanapiye wonyowa m'chisanu safika m'mawa.

Nanga amatuluka liti? Pakhomopa satulutsa tsiku limodzi. Akakwana masabata 3 kapena 4, amawaika m'chitete chachikulu pamalo ouma, masana dzuwa likawala, kwa ola limodzi kapena awiri. Tsiku la chiperoni satuluka n'komwe. Nthawiyo imaonjezedwa pang'onopang'ono kufikira masabata 6, pamene nthenga zakuta thupi lonse. Apo mpamene mbaula imachotsedwa ndipo anapiye amasamukira m'khola la panja lokwera, lotsekeka bwino usiku. Masiku oyamba amakhala otsekeredwa kuti adziwe kwawo, ndipo sasakanizidwa msanga ndi nkhuku zikuluzikulu zomwe zimawajompha ndi kuwalanda chakudya. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pabwalo pali adani ake. Kumwamba kuli kabawi ndi akhwangwala, pansi kuli likongwe, amphaka ndi makoswe. Koma mdani wamkulu ndi chitopa, chomwe chimakonda kubuka nyengo yotentha, kuyambira cha mu Ogasiti, n'kupululutsa khola lonse m'masiku ochepa. Chitopa chilibe mankhwala ochiza. Chomwe chilipo ndi katemera, monga uja wa I-2 wodontheza m'diso, amene amabwerezedwa pakatha miyezi 3 kapena 4. Mwanapiye asaponde pabwalo asanalandire katemerayu kwa alangizi a ziweto.

Abale ndi alongo, mwina mukuti izi ndi za kumapiri, kwathu kuno n'kotentha. Komatu mwera wa mu Juni ndi Julayi umaziziritsa mbandakucha, ndipo dzuwa la mu Okutobala limapha anapiye osowa mthunzi ndi madzi. Ng'azi za m'bango nazo sizikana mwanapiye. Tilinso ndi mwayi umene anzathu a kwa Likoswe amachita kugula: mankhusu a mpunga oyala pansi, ndi zinyenyeswa za usipa wopanda mchere zosinja n'kusakaniza ndi gaga.

Choncho mukagula anapiye, kapena thadzi likawasiya ali aang'ono, musafulumire kuwataya pabwalo. Werengani masabata, yang'anani nthenga, funsani za katemera. Anapiye 20 osungidwa bwino masabata 6 ndi fizi ya mwana ndi ndiwo ya alendo. Otulutsidwa msanga ndi chakudya cha kabawi.