NGALAWA ZOYERA ZA KU MSASANI

Njanji ya Tazara, imene inamalizidwa mu 1975, iyenda makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam. Kumpoto kwa mzindawu kuli gombe la Msasani, kumene amaimika ngalawa zamasewera zoyenda ndi mphepo pa matanga. Mlendo adabwa poona kuti zambiri nzoyera.

Cifukwa cake ndi dzuwa. Utoto woyera ubweza kutentha, koma wakuda kapena wabuluu woderako umwa dzuwa. M'kati mutentha ngati m'ng'anjo, utoto ufwifwa msanga, ndipo mcere wa m'nyanja usiya mawanga. Wosankha mtundu wotere adziwiretu kuti adzakhalira kutsuka ndi madzi opanda mcere.

Kunsi kwa madzi nkhani ndi ina. Ndere ndi tinkhono zimatirira pamimba pa ngalawa ndi kucepetsa liwiro lake, ndipo ikakhala yamatabwa, nyongolotsi za m'nyanja ziiboola. Motero pakapita caka cimodzi kapena ziwiri, eni ake aitulutsira kumtunda, aipala, napaka utoto wopirikitsa tizilomboti, kawirikawiri wofiira. Mphamvu ya utotowo icokera mu mkuwa, cuma comwe cija cokumbidwa ku Migodi muno m'Zambia.