Kope la Ababa

Titabwerako kumanda, tinatsegula sutikesi yachitsulo ya Ababa kuti tione zimene anatisiyira. Munali mendulo yokulungidwa m'kansalu, chithunzi chawo ali mu yunifolomu, ndi kope la sukulu lothimbirira ndi girizi. Tinkayesa kuti m'kopemo muli mayina a anthu angongole. Koma ayi ndithu. Munali mayina a midzi yozungulira Bangula, ndipo pansi pa mudzi uliwonse analemba kuya kwa mjigo wake, kuchuluka kwa ndodo zake, ndi tsiku limene anasintha labala.

Za usilikali wawo timadziwa zochepa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anali m'gulu la asilikali a Malawi amene ankalondera njanji ya Nacala, nkhondo ili mkati ku Mozambique. Nthawi yomweyo kuno ku Nsanje kunali kodzaza ndi othawa nkhondo, ena mwa iwo abale athu enieni a tsidya lija. Tikawafunsa za kumeneko ankangoti, "Tinabwerako," n'kusintha nkhani. Atavula yunifolomu anakagwira ntchito ku minda ya nzimbe ku Nchalo, kuyang'anira mapampu okoka madzi mu Shire. Dzina loti a Injiniya analitenga kumeneko.

Atapuma pa ntchito, ife tinaganiza kuti tsopano akhala pakhonde. Tinawagulira ndi mpando womwe. Mpandowo anaukhalira Amayi.

Tambala akangolira, Ababa anali atamanga kale sipanala pa keliyala ya njinga. Aliyense wodziwa dzuwa la m'chigwa muno mu Okutobala amvetsa chifukwa chake tinkakangana nawo. Munthu wa BP, mawondo otupa, kupalasa njinga mpaka mudzi wachitatu kukakonza mjigo wa anthu amene sadzawapatsa ngakhale ya sopo! Tinkalankhula zambiri, zina zosayenera kuuza kholo. Amayi nawonso ankati, "Bambo inu, mudzagwera m'njira." Iwo ankangomwetulira, n'kumwa mankhwala awo, n'kudzaza botolo la madzi.

Chimene sitinkachiona n'chakuti iwo sankapita kukakonza chabe. Mijigo yambiri ya kuno ndi ya mtundu wa Afridev, umene unapangidwa kuti eni mudzi azitha kuukonza okha. Ndodo zake zimangokolana, ndipo mumazitulutsa imodziimodzi mapaipi ali momwemo m'chitsime. Kawirikawiri chimene chimatha ndi kalabala kakang'ono ka kunsonga kapena mabushi apulasitiki a pachogwirira. Ababa ankamasula kamodzi, kenako n'kupereka sipanala kwa amayi a m'komiti ya mjigo. Amuna ankawapatula dala. Ankati mwamuna mawa apita kukadula nzimbe kapena ku Joni, pomwe mayi ndiye amadziwa mjigo ukayamba kulemera.

Analinso ovuta, tisabise. Akapeza chimbudzi chikukumbidwa pafupi ndi mjigo, ankayeza ndi mapazi, ndipo akapanda kukwana mamita 30 nkhani inkafika kwa amfumu tsiku lomwelo. Ena anasiya kuwapatsa moni.

Tinayamba kuwamvetsa mu 2022. Namondwe wa Ana atadutsa mu Januwale, madzi osefukira analowa m'zitsime n'kugwetsa zimbudzi, ndipo posakhalitsa kolera inabuka m'dziko muno n'kupha anthu oposa 1,700 isanazilale. Mjigo ukafa kuno, amayi amatsikira ku Shire, kumene kuli madzi amatope ndi ng'ona. Ababa ankayenda mudzi ndi mudzi limodzi ndi alangizi a zaumoyo, iwo akukonza mjigo, alangiziwo akugawa kolorini. Freddy atafika mu Malichi 2023 mphamvu zinali zitawathera. Ankakhala pa mpando uja tsopano, anthu n'kumabwera ndi zitsulo m'manja kudzafunsa.

Patatha miyezi itatu chimwalirireni, mjigo wa m'mudzi mwathu unasiya kutulutsa madzi. Ife ana awo, amene tinakulira m'nyumba ya injiniya, tinangoyang'anana. Panalibe mmodzi yemwe wa ife amene anagwirapo sipanala ija. Tinayamba kukambirana zosonkha ndalama kuti tiitane mmisiri wa kuboma.

M'mawa mwake tinamva "Odi!" pakhomo. Anali amayi atatu a m'komiti, wina ali ndi mwana kumsana.

"Pepani anathu, tabwera kudzabwereka sipanala ya malemu."

Tinawatsatira. Anatulutsa ndodo zonse n'kuziyala pa udzu kuti zisagwire mchenga, monga ankachitira Ababa. Labala linali litang'ambika. Latsopano anali nalo kale, lomangidwa pa nsonga ya chitenje. Mlongo wathu wamkulu anapatsidwa ndodo kuti agwirizire, ndipo anadzudzulidwa kawiri chifukwa chogwira molakwika. Dzuwa lisanafike pamutu madzi anatuluka.

Madzulo tinatenga kope lija, tinapeza tsamba la mudzi wathu, n'kulemba tsikulo pansi pa dzanja la Ababa. Kenako tinakalipereka kwa amayi aja, pamodzi ndi sipanala.