Feira kapena Luangwa: dzina lofikitsa phukusi pakhomo

Mkulu wina wa m'dziko la Mfumu Mphuka, amene wakalambira pa nchito ya usodzi mu mtsinje wa Zambezi, sanaleke kuchula boma la kwao kuti Feira. Dzinali linacokera kwa Apwitikizi, ndipo m'cinenero cao litanthauza msika. Mu 1964 linasinthidwa kukhala Luangwa, ndipo ili ndilo dzina lolembedwa pa mapu ndi m'makalata a Boma.

Caka catha mkuluyu anadwala. Mwana wace wamkazi wa ku Lusaka anagula mankhwala, nalemba pa phukusi mau amodzi okha akuti "Luangwa", napereka kwa anyamata a basi. Iwo anatsitsa phukusilo pa Luangwa Bridge, pa mseu wa Great East, pafupifupi makilomita 90 kucokera ku boma. Linagona masiku atatu pakati pa ogulitsa nsomba zouma, mwini wace ali kubuula pa mphasa.

Amene analilondola nalifikitsa ndi mdzukulu wa mkuluyo, amene aphunzira kulemba malamulo oyendetsera makompyuta. "Agogo," anatero mnyamatayo, "bvuto lomweli tikumana nalo pa nchito yathu."

Anafotokoza kuti m'cinenero ca kompyuta cochedwa C, cimene Dennis Ritchie anakonza ku America mu 1972, muli liu lokhazikika lakuti int, losungira nambala. Aliyense alidziwa, koma kukula kwace kumasiyana: pa makina ena ndi mabiti 16, pa ena 32. Cifukwa ca ici, mu 1999 akatswiri anabvomereza maina oonjezera, monga int32_t, amene anena kukulako mosabisa. Komabe wolemba akangopeka maina ace-ace, anzace amasokera.

Mkuluyo anaseka ngakhale anali wofooka. "Mdzukulu wanga, Luangwa ndi mtsinje, ndi mlatho, ndi boma, ndiponso nkhalango ya nyama ku Mfuwe. Koma Feira ndi mmodzi cabe."

Mnyamatayo anayankha mwaulemu kuti ana ambiri a ku Lusaka sadziwa Feira, ndipo dzinalo palokha likadasokeretsanso phukusi. Anagwirizana kuti dzina la Boma likhale patsogolo popeza lidziwika konse, ndipo lakale litsate kuti licotse cikaiko.

Tsopano phukusi liri lonse la banjali lilembedwa "Luangwa Boma, Feira".