Kafani ka pa chipseti

Anthu ambiri akabwera ndi kompyuta yolira amaloza fani yaikulu ya pa purosesa. Ine sindiwatsutsa. Ndimatsegula bokosilo, kuyatsa makina, kenaka nkumaimitsa fani iliyonse payokha kwa sekondi imodzi, pokanikiza chala pakati pake pamene pali sitika. Phokoso likazima ndiye kuti mwini wake wapezeka. Pa ma motherboard akale, kawirikawiri kamakhala kafani ka mamilimita 40 kokhala pa chipseti, kachipu kamene kamalumikiza ma hard disk, ma USB ndi makhadi ena.

Kuchepa kwakeko ndiye gwero la vuto. Fani ya mamilimita 120 imakankha mpweya wokwanira ikuzungulira ka 1,000 pa mphindi, koma kameneka kamafika 5,000 nkupitirira. Mkati mwake muli kamtengo kachitsulo kozungulira m'kachubu konyowa ndi mafuta. Mafutawo akauma, fumbi la mwezi wa Okutobala nkulowamo, kamtengoko kamayamba kugwedera. Kamalira ngati kachigayo mukangoyatsa m'mawa, kakatenthedwa nkukhala chete. Eni ake amati kachira kokha, chonsecho ndi chiyambi cha imfa yake.

Ma board a chipseti ya nForce4 ya NVIDIA, a m'ma 2004 ndi 2005, ndiwo anatchuka ndi matendawa. Tifani ta pa A8N-SLI Deluxe ya ASUS tinkafa msanga, ndipo pa A8N-SLI Premium kampaniyo inaikapo kapaipi kotengera kutentha kutali m'malo mwa fani. Makompyuta ambiri a mu ofesi a Dell ndi HP alibe kafaniko nkomwe.

Kakakhala kadakali ndi moyo, ndimakathira mafuta. Ndimazula chingwe cha magetsi, kumasula tizomangira, nkukapukuta ndi kaburashi kopentera. Kuseri kwake ndimamatula sitika pang'onopang'ono ndi nsonga ya lezala. Pansi pake pamakhala kabowo, nthawi zina kotsekedwa ndi kalabala, ndipo mutu wa kamtengo kaja umaonekera. Dontho limodzi la mafuta a makina osokera, lotengera pa nsonga ya singano, ndi lokwanira. Ndimazunguza mapiko ndi chala mpaka mafuta alowe, kupukuta m'mbali ndi spiriti kuti sitika igwirenso, nkutseka. Mafuta ophikira ayi, amachita phula pakapita masabata. WD-40 nayonso imatsuka totsala tonse kenaka nkuuma. Kasitomala ndimamuuziratu kuti uku ndi kugula miyezi chabe, pakuti chubu chodyeka sichibwerera.

Pamenepo ambiri amati, "Achimwene, ingokazulani basi, ife tikufuna tigone." Ndimakana. Kachitsulo ka pansi pa kafaniko nkopyapyala, anakapanga podalira mphepo. Mukazula waya, chipseti imatentha mpaka kompyuta kumaima yokha, ndipo popeza mafayilo opita ku hard disk amadutsa pomwepo, ena amatha kuwonongeka osadziwa.

Chimene ndimakonda ndi kuchotsa zonse nkuikapo heatsink (chitsulo chomwaza kutentha) yaitali yopanda fani, monga ZM-NB47J ya Zalman, yabuluu ija. Ikasowa ndimadula ndi sowo heatsink ya purosesa yakale. Ntchitoyi imafuna kutulutsa board yonse, chifukwa timapini tiwiri tapulasitiki tokhala ndi masipuling'i timatsinidwa kuseri ndi pulayala yosongoka. Dzanja likaterereka apa mumadula tinjira tamkuwa ta pa board, ndiye ndimayamba ndamata tepi mozungulira. Chipu cha nForce4 chilibe chivindikiro, chili ngati kagalasi kosachedwa kubenthuka m'makona. Ndimachitsuka ndi spiriti, kupakapo thermal paste pang'ono kwambiri, nkutsitsa heatsink mowongoka osaipendeketsa. Musanadule kanthu yezani kaye malo: pa ma board ena, monga DFI LanParty, khadi la zithunzi limadutsa pamwamba penipeni pa chipseti, ndipo chitsulo chachitali sichingalowe. Pamenepo ndimangogula kafani kena, nkukachepetsera mphamvu kuchoka pa ma volt 12 kufika pa 7, bola kazitha kudzuka kokha poyatsa.

Tinkayesa kuti tifaniti tinapita, koma mu 2019 tinabweranso ndi chipseti ya X570 ya AMD, imene imatentha chifukwa cha PCIe 4.0. Apa ntchito yake njosavuta. Ma board ambiri amalola kusintha liwiro la kafaniko mu BIOS, ena mpaka kukaimitsiratu chipu chikakhala chozizira, choncho ndimayambira kumeneko sikuludiraiva isanagwire ntchito.

Kompyuta siichoka pa tebulo langa ndisanaiyese. Ndimatseka bokosi, kuika fani yaikulu yoyenda pang'onopang'ono kutsogolo, nkukopera mafayilo akuluakulu kwa ola lathunthu masana kukutentha. Kenaka ndimatsegula nkugwira heatsink. Chala chikapirira masekondi asanu, ndimaimbira mwini wake kuti adzatenge. Chikathawa msanga, ndimaloza fani ina pa chitsulocho nkuyambiranso.