Ntchito Yopuntha Mpunga ndi Mitengo Yake pa Msika

Mpunga umafika kuchigayo uli m'mankhusu, ndipo ntchito ya ife opuntha ndi kuuvula mankhusuwo popanda kuswa njere. Ntchitoyi imayamba makina asanalire. Wopuntha amapisa dzanja m'thumba, kutapa njere zingapo ndi kuluma imodzi ndi mano akutsogolo. Njere youma bwino imaduka ndi kaphokoso, pamene yachinyezi imangophwanyika mwakachetechete. Pa chida choyezera, mpunga woyenera kupunthidwa umaonetsa chinyezi cha pafupifupi 14 peresenti. Chimene chimatipweteka kwambiri ndi mpunga wopsa ndi dzuwa. Mlimi akauyanika tsiku lonse osauvundula, kenako ndi kuusiya panja kuti ugonedwe ndi mame, njere zimang'aluka zili m'mankhusu momwemo. Diso siliona ming'aluyo, koma makina amaiulula, ndipo mwini mpunga amaloza chala wopuntha.

M'chigayo mpunga umayamba wadutsa pa sefa yochotsa miyala ndi zinyalala. Kenako umalowa pakati pa magudumu awiri a labala amene amazungulira pa liwiro losiyana ndi kusenda mankhusu. Akapanikizana kwambiri amaswa njere, akatalikirana amasiya zambiri zosasenda, choncho wopuntha amatapa pang'ono potulukira, kuyang'ana pachikhatho ndi kusintha mpatawo. Pomaliza mpunga umayeretsedwa pochotsa gaga. Pa makilogalamu 100 a mpunga wosapuntha, pafupifupi 20 amakhala mankhusu, gaga amafika 8 kapena 10, ndipo mpunga woyera supitirira kwenikweni 70. Zigayo zing'onozing'ono zakumudzi sizifikapo. Gaga amagula oweta nkhumba ndi nkhuku, mankhusu amayala m'makola.

Pa msika wa mayiko, mtengo umatchulidwa potengera kuchuluka kwa njere zosweka. Mpunga wa ku Thailand wokhala ndi njere zosweka 5 pa 100 zilizonse ndiwo amalonda ambiri amayezerapo mitengo ina, ndipo wokhala ndi 25 umatsikirapo. Wosweka wokhawokha nawo uli ndi ogula ake, makamaka ku Senegal, kumene anthu amaukonda pophika chakudya chawo cha mpunga ndi nsomba.

Dziko lonse limakolola matani oposa 500 miliyoni a mpunga wopuntha pachaka, ndipo theka lake limachokera ku China ndi India. Wambiri umadyedwa komwe walimidwa. Umene umaoloka malire ndi gawo limodzi chabe mwa magawo khumi, n'chifukwa chake msikawu suchedwa kugwedezeka. India yekha amagulitsa pafupifupi 40 peresenti ya mpunga umenewu, ndipo pambuyo pake pali Thailand, Vietnam ndi Pakistan. Ogula kwambiri ndi monga Philippines ndi mayiko a kumadzulo kwa Africa.

Mphamvu ya India inaonekera poyera. Mu September 2022 boma lake linaletsa kutumiza kunja mpunga wosweka. Pa 20 July 2023, poopa El Niño ndi kukwera kwa mitengo kwawo, linaletsanso mpunga woyera umene si wa basmati. Mtengo wa mpunga wa ku Thailand unadutsa madola 600 pa tani, n'kufika pamene unali usanafikepo kwa zaka pafupifupi 15. Kale, mu 2008, unafikapo pa madola 1,000 mayiko angapo atatseka malonda nthawi imodzi. India anachotsa chiletso cha mpunga woyera mu September 2024, cha wosweka mu March 2025, ndipo m'chaka chomwecho mtengo unagwa mpaka pansi pa madola 400. Alimi a ku Philippines analira ndi mpunga wotchipa wakunja, mwakuti boma lawo linaimitsa kuitanitsa kwa kanthawi kuyambira pa 1 September 2025.

Nkhokwe nazo zimayendetsa mitengo. Mpunga woposa theka wa umene wasungidwa padziko uli ku China, koma wambiri sutuluka. Nkhokwe zimene amalonda amaziyang'anitsitsa ndi za Food Corporation of India, chifukwa zikadzaza boma la India limamasula malonda.

Kuno ku Malawi mafunde amenewa amafika atafooka, poti mpunga umene timadya wambiri ndi wolima tokha: ku Hara ndi Wovwe ku Karonga, ku Limphasa ku Nkhata Bay, ku Bua ku Nkhotakota, kuchigwa cha Bwanje, ndi m'madambo a nyanja ya Chilwa. Chimene chimatigwira pakhosi ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, magudumu a labala, malamba ndi masefa, zomwe zonse ndi zoitanitsa, zinakwera nthawi yomweyo. Mtengo wakuno umatsatanso nyengo. Pokolola, cha mu June, mavenda amagula motchipa kwa mlimi wopanikizika ndi ngongole, ndipo amene wasunga wosapuntha mpaka December ndiye amaona phindu, chifukwa mpunga umakhalitsa uli m'mankhusu.

Pa mtengo sitingapikisane ndi India, amene alimi ake amathandizidwa ndi boma pa feteleza ndi magetsi othirira. Chathu ndi fungo la mpunga wa Kilombero, limene wogula amalimva thumba likangomasulidwa. Koma fungo lokha silikwanira ngati theka la thumba ndi njere zosweka, kapena ngati wina wasakanizamo mtundu wina kuti sikelo ilemere. Khalidwe limeneli likuononga dzina limene alimi a ku Karonga analimanga kwa zaka zambiri. Alimi, kololani mpunga usanaumire m'munda, uyanikeni mopyapyala, muziuvundula pafupipafupi, muziulowetsa m'nyumba dzuwa likamalowa, ndipo mtundu uliwonse ubwere kuchigayo m'thumba lakelake.